Tsiku limene mwana wanga ananyamula mkondo ku Nasrec

Ndakhala ndikusoka zovala kuno ku Joni kwa zaka 12 tsopano. Shopu imene ndimagwirako ili kufupi ndi Oriental Plaza ku Fordsburg, ndipo pa matelala asanu amene timakhala m'menemo, atatu ndife a kumudzi: ine wa ku Ntchisi, anzanga awiri a ku Mangochi. Ntchito yathu yambiri ndi makatani, kupinda mathalauza, kusintha zipi, ndi madiresi a ukwati nyengo yake ikakwana. Ndinkadziona kuti palibe chovala chimene munthu angabwere nacho n'kundidabwitsa. Koma wondidabwitsa anatulukira m'nyumba mwanga momwe ku Turffontein, madzulo ena a mwezi wa June mu 2023, kukuzizira kuja kwa kuno kolowa m'mafupa.

Mwana wanga wamkazi anabwera ndi foni n'kugwada pambali pa mpando, monga amachitira akafuna kupempha chinthu chachikulu.

"Adadi, mungasoke ichi?"

Pachithunzipo panali mzimayi wometa mpala, wovala zofiira, mikombero yasiliva m'khosi, mkondo m'manja. Ndinamuzindikira. Anali mmodzi wa asilikali aakazi aja a mufilimu ya Black Panther, otchedwa Dora Milaje. Ndinafunsa ngati kuli sewero kusukulu. Anati ayi. Phwando nanga? Ayinso. "Ndi cosplay, Adadi. Ndikufuna kupita ku Comic Con, msonkhano waukulu wa okonda mafilimu ndi makatuni, mu September."

Amayi ake, omwe ankasenda mbatata pakhomo la khitchini, anayankha osatembenuka n'komwe: "Zimenezo ndi za ana a azungu. Zaka 16 zonsezi ufune kuvala ngati chidole?"

Ine ndinakhala kaye chete. Maso a telala sathamangira kunkhope, amathamangira kumsoko. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala n'kuyamba kuwerenga zidutswa: malaya ofiira othina, malamba achikopa opingasana pachifuwa, kansalu kakatali kodzaza mikanda kolendewera kutsogolo mpaka m'maondo, zitsulo m'mapewa ndi m'mikono. Wokonza chovala chimenechi ntchito ankaidziwa. Mwanayo ndiye anandiuza dzina lake: Ruth E. Carter, mayi wa ku America, yemwe mu 2019 analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha zovala za mufilimuyi, ndipo anali munthu wakuda woyamba kuilandira pa ntchito yokonza zovala. Zimene anaveka anthuwo sanazitole kutali. Kufiira ndi mikanda anaonera kwa Amasai a ku Kenya ndi Tanzania, mikombero ya m'khosi kwa Andebele a konkuno, mabulangete amene asilikali ena amafunda mufilimumo ndi a Abasotho omwe timakwera nawo takisi tsiku ndi tsiku, ndipo chipewa cha mayi wa mfumu ndi isicholo, chija amavala amayi achizulu. Ndinaitana kukhitchini: "Mayi a mwana, tabwerani mudzaone. Izi n'zapafupi, si za azungu ayi." Anabwera, anayang'ana nthawi ndithu. Sanavomere, koma sanakanenso.

Liwu loti cosplay ndinali ndisanalimvepo, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri a inu muli mmene ndinalili ine. Ndi mawu awiri achingelezi olumikizidwa, loyamba lotanthauza chovala cha sewero, lachiwiri kusewera, koma anawalumikiza ndi Mjapani. Dzina lake Nobuyuki Takahashi, ndipo analemba liwuli m'magazini yotchedwa My Anime mu 1983. Kwawoko amalitchula kuti kosupure. Mchitidwewo ndiwo ndi wakale kuposa dzina. Mu 1939 ku New York kunachitika msonkhano woyamba waukulu wa anthu okonda nthano za sayansi, ndipo anthu awiri, Forrest J Ackerman ndi Myrtle R. Douglas, anafika atavala ngati anthu a m'tsogolo pamene anzawo anali m'zovala wamba. Nditamva kuti zovala ziwirizo anakonza ndi kusoka ndi mayiyo, Douglas, mtima wanga unakhala m'malo. Dzina la bamboyo ndi limene linatchuka kwambiri, koma chiyambi cha zonsezi chinali munthu atakhala pansi ndi nsalu ndi lumo. Ife matelala zimenezi timazidziwa: paukwati amatamanda mkwatibwi, wosoka diresi satchulidwa.

Kuchoka pamenepo chinthucho chinakula, makamaka ku Japan, kwawo kwa makatuni otchedwa anime ndi mabuku a zithunzi otchedwa manga. Kuyambira 2003 mumzinda wa Nagoya mumachitika World Cosplay Summit, kumene mayiko amatumiza owaimira. Kuno ku Joni, Comic Con Africa inayamba mu September 2018 ku Kyalami, kumalo kothamangitsirako magalimoto a mpikisano, chaka chotsatira inali ku Gallagher ku Midrand, ndipo kuyambira 2022 yakhala ikuchitikira ku Johannesburg Expo Centre ku Nasrec, pafupi ndi bwalo la FNB. Kwa ife a ku Turffontein ndi pamphuno pomwepa.

Mbiriyo inali yokoma, koma funso langa linali lidakalipo: zimenezi zikusiyana pati ndi kungovala? Ndinamufunsa mwanayo kuti, ine ndikavala jezi ya Flames, kapena mnzanga akavala ya Kaizer Chiefs n'kudzipaka penti kumaso, si cosplay imeneyo? Anapukusa mutu. Wovala jezi akungonena kuti ndimasapota timu iyi. Wa cosplay akunena kuti lero ndine wakutiwakuti, munthu mmodzi wodziwika, wa dzina lake ndi nkhani yake, kaya wa mufilimu, m'katuni, m'buku kapena m'masewera a pakompyuta. Ife kusukulu pa phunziro la Chichewa tinkati mtengambali, iwo amati karakita. Ndiye kuvala zofanana naye pakokha sikukwanira. Uyenera kudziwa kaimidwe kake, kagwiridwe ka chida chake, kaya ndi woseka kapena wosaseka, chipsera chili tsaya liti. Ndiponso payenera kupezeka wina woti akuone n'kukuzindikira. Mfundo yomalizayi ndinaipeputsa tsiku limenelo.

Tinayamba mu July. Nsalu zinali mbali yanga. Ndinazungulira mashopu a mu Plaza nthawi ya nkhomaliro mpaka ndinapeza yofiira yotamuka pang'ono, ndipo malamba ndinadula pa chikopa chabodza chimene chinatsala pa ntchito ina ya mipando. Zimenezo zinatha m'masabata awiri. Zovuta zinali zitsulo zija, chifukwa si zitsulo. Amapangira labala wofewa wotchedwa EVA foam, yemweyo wa timphasa tolumikizana tija toyala m'chipinda cha ana kapena kujimu. Apa mphunzitsi anali mwana, wophunzira ine. Anati ndimukulunge mkono ndi pulasitiki yokutira chakudya ija, pamwamba pake ndimate tepi mozunguliza mpaka mkono uoneke ngati uli m'chikhakha cha kuchipatala. Kenako kujambula mizere ndi cholembera, kudula mosamala kuti lumo lisakhudze khungu, kuvula, n'kutambasula patebulo. Patani yatuluka, yoyenera thupi lake ndendende. Zaka zanga zonse ndi tepi yoyezera m'khosi, njira imeneyi ndinali ndisanaionepo, ndipo ndinaikonda pomwepo.

Labalayo ukamudula umamuuzira mpweya wotentha, amafewa, umamupinda pabondo kapena pa mbale yovundikira, akazizira amakhala momwemo. Chida chake tinabwereka kwa mnzathu wina wa ku Dedza wopenta nyumba, chimene amasupulira penti wakale. Kumata kwake ndi guluu uja wa osoka nsapato, wopaka mbali zonse ziwiri n'kudikira kuti aume kaye usanagunditse. Ukagunditsa, basi, palibenso kusuntha, ndiye dzanja lisanjenjemere. Fungo lake limafuna mazenera otsegula, ndipo tinkagwira ntchitoyo titavala majuzi awiriawiri. Ukamaliza kumata umapaka guluu wa matabwa kawiri kapena katatu kuti penti asamwerere, pomaliza penti wasiliva. Phewa loyamba tinaliononga: tinapenta guluu asanaumitsitse, m'mawa tinapeza lonse lachita ming'alu ngati dothi la m'dambo mu October. Tinayambiranso. Mkondo unali paipi ya pulasitiki yodutsamo mawaya a magetsi, nsonga yake labala yemweyo, pakuti pachipata salola chida chachitsulo kapena chakuthwa.

Chaka chimenecho magetsi ankazima kawiri, masiku ena katatu. Makina akaima tinkasamukira pa mikanda. Kansalu kakutsogolo kaja kanadya mausiku ambiri kuposa china chilichonse, ndipo mpamene amayi ake analowerera. Sananene kuti asintha maganizo. Usiku wina anangokoka mpando n'kulanda singano m'manja mwa mwanayo, amvekere, "Ukukoka kwambiri ulusi, nsalu ikwinyika. Taona kuno." Kwawo ku Ntcheu anakula akuona agogo awo akutunga mikanda, ndipo zala zinakumbuka zokha. Atatu tonse kuzungulira nyali yotchaja, mbale ya mikanda pakati, panja kuli bii, kukungomveka jenereta ya pa sitolo ya pakona. Ndakhala m'dziko lino nthawi yaitali, ntchito kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ndipo sindikumbuka nthawi ina imene tinacheza motalika chonchi. Mwanayo anatiuza chifukwa chake amawakonda asilikaliwo: akazi oima nji, osagwetsa nkhope pamaso pa aliyense, oteteza dziko lawo. Ife tinamuuza za kumudzi kumene anachoka ali ndi zaka 7, za mtengo wa mango wa kuseri kwa nkhokwe, za mayina a azakhali ake amene anayamba kuwasokoneza.

Usiku wina wa mausiku amenewo ndinawakumbutsa amayi ake mawu awo aja a chidole. Ndinati, kodi ife sitinasewere? Ine ndi anzanga tinkatola mabotolo kuti tipeze ya pakhomo pa vidiyo sho, tikatuluka m'menemo ulendo wa kudambo, aliyense wamanga kansalu kumutu, wasankha dzina la katswiri wa karate, ndipo tsiku lonse sunkayankha ukaitanidwa dzina lako lenileni. Atsikana kumasanje, wina mayi, wina bambo, wina fisi. Tinkapanga magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero ndi masipuling'i. Palibe anatiuza tsiku loti tileke, tinangopezeka kuti umphawi ndi udindo zatilanda. Ana awa apeza njira yoti asalandidwe, ndipo aphatikizapo luso la manja loti munthu wamkulu n'kuligomera.

Tsitsi ndilo linavuta. Asilikaliwo ndi ometa mpala, ndipo mwanayo ankafuna kumeta. Amayi ake anakaniratu: mtsikana kumeta mpala popanda maliro, anthu adzati tafedwa ndani? Tinakambirana masiku atatu, n'kugwirizana kuti amete mofupikitsa ngati atsikana a sukulu za boma kumudzi, lumo lisafike pakhungu.

Chithunzi choyamba atavala zonse anachiika pa WhatsApp, ndipo ola lisanathe foni yanga inalira. Anali mayi wina wamkulu amene timapemphera naye, munthu amene anatisunga titangofika, choncho ndinamvetsera mwaulemu. "Achimwene, ndaona chithunzi. Mwana uja mwamulowetsa gule kodi? Zinthu zimenezi zimaitana mizimu." Sanali okha oganiza choncho, ndipo nkhawa yawo ndimaimvetsa. Ife Achewa tikaona munthu wasandulika, maganizo amathamangira kudambwe.

Koma ine ndinakulira ku Ntchisi, gule ndimamudziwa, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Gule wamkulu ndi mwambo wopatulika, wa anthu olowa, wotuluka pamaliro, pachinamwali ndi polonga mfumu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu onse a padziko. Chilombo chikatuluka pabwalo palibe amene amati uyu ndi mwana wa uje. Ndi mzimu, ndipo kutchula dzina la munthu pamenepo ndi mlandu. Mu cosplay mulibe chinsinsi, mulibe kulowa, mulibe mzimu. Wovalayo amafunitsitsa udziwe kuti ndi iyeyo. Ukamufunsa amakupatsa dzina lake la pa Instagram, amakutembenuzira chovala uone pomwe anamata, amakuuza ndi sitolo yomwe anagula labala. Kuziika pamodzi ziwirizi n'kuchepsa gule, komanso n'kumunamizira mwana. Ndinawafotokozera amayiwo mofatsa, n'kuwakumbutsa kuti Khirisimasi iliyonse ndine ndimasoka mikanjo ya angelo ndi chisoti cha Herode za ana a Sande sukulu. Anati akaganizira.

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga, ndipo m'mutu mwanga simunali gule wamkulu koma mganda. Bambo anga, mzimu wawo uuse mumtendere, anali mlimi wa fodya, manja okhakhala, malaya ong'ambika dzinja lonse. Koma pansi pa bedi lawo panali sutikesi imene ife ana sitinkaloledwa kuikhudza. M'menemo munali kabudula woyera, malaya oyera, masokosi aatali, tayi, ndi nsapato zansalu. Tikakolola, mganda ukayandikira, ankatulutsa zonsezo, kuchapa okha osalola amayi, kuyanika paudzu, kusita ndi simbi ya makala mpaka mzere wa kabudula uthwe ngati mpeni. Akatuluka m'nyumba sanalinso munthu wa dzulo uja. Msana chilili, chibwano m'mwamba, phazi kuponda mowerengera. Mganda, malipenga a ku Nkhata Bay, ndi beni wa anzanga a ku Mangochi, magule onsewa anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, ndipo dzina loti beni linachokera ku liwu lachingelezi la gulu loimba pa perete. Makolo athu anaona yunifolomu ya munthu wamphamvu, anakasoka yawo, n'kuivina mwa njira yawoyawo mpaka inasanduka yathu. Sindikunena kuti mganda ndi cosplay. Wovina mganda satengera munthu mmodzi wa m'nthano, ndipo kumbuyo kwake kuli ng'oma ndi mudzi wonse. Koma kuwala kumene ndinkakuona pankhope ya bambo anga akumanga tayi ndi komweko kumene ndinakuona pa mdzukulu wawo akumanga mikombero m'khosi pagalasi, mdzukulu amene anamusiya akukwawa.

Tsikulo linali Loweruka, pa 23 September, mawa lake kuli Heritage Day, pamene anthu a kuno amavala za makolo awo. Ndinapempha tchuthi kushopu. Mkondo sukanalowa bwino m'takisi, choncho tinaitanitsa galimoto pafoni. Mwanayo anavala jekete lalikulu pamwamba pa zonse ngakhale kunkatentha, ndipo njira yonse anali duu, akuluma mlomo. Pachipata anauyang'ana mkondowo, anafinya nsonga, n'kutilola.

M'katimo munali anthu ngati pa Lizulu tsiku la msika, koma ambiri atasandulika. Mnyamata wina anali ndi mapiko otambasuka akakoka chingwe chobisika m'lamba. Agogo awiri achizungu, mwamuna ndi mkazi, atavala mikanjo ndi zipewa zosongoka, akuyenda pang'onopang'ono atagwirana manja. Banja lachimwenye lonse, mpaka khanda la m'manja, lili m'zovala za gulu limodzi. Wina njinga yake ya olumala anaisandutsa chombo cha m'mlengalenga. Ndinaona zosokedwa mwaluso moti ndinapempha kuona mkati mwake, ndinaonanso zogula zosokasoka, ndi zina zongomata ndi tepi. Pakati pawo pali kamkangano kakale koti kaya wogula chovala chosokasoka ndi wa cosplay weniweni kapena ayi. Pampikisano nkhani ndi ina: oweruza amatembenuza msoko, amafunsa zimene wapanga wekha, ndipo n'koyenera kutero. Koma kunja kwa mpikisano, ine telala ndikuti asiyeni anthu. Si aliyense ali ndi bambo wa makina. Mnyamata wina anavala zida zankhondo za makatoni a m'sitolo, zilembo za sopo zikuonekera pansi pa penti, koma kaimidwe kake kanali ka mfumu, ndipo anthu ankadikirana kuti ajambulitse naye. Pagule fumbi ndiwe mwini.

Wanga anakhala nthawi ndithu chakukhoma, jekete lili m'thupi. Sindinamukakamize. Kenako kamtsikana ka zaka ngati zisanu, kali paphewa pa bambo ake, kanaona mikombero ikusuzumira pakolala. Kanaloza n'kukuwa dzina la asilikali aja. Mwana wanga anandiyang'ana, anavula jekete n'kundipatsa. Anagunditsa mkondo pansi kamodzi, gu, n'kupingasa mikono pachifuwa monga amachitira mufilimumo. Kamwanako kanabwezera ndi timikono take. Mfundo ndinaipeputsa ija ndinaimvetsa pamenepo: miyezi itatu ya guluu ndi mikanda inali kudikira diso limodzi lozindikira. Kuyambira apo sitinayende mapazi khumi osaimitsidwa. Anakumana ndi atsikana ena atatu ovala gulu lomwelo, wina Mzulu, wina Msotho, wina wa ku Congo, osadziwana n'komwe, koma posakhalitsa anali atafola mzere umodzi, mikondo chilili, kenako n'kumagwiranagwirana mikanda kufunsana katungidwe. Mmodzi atafunsa amene anasoka, mwanayo anandiloza: "Bambo anga. Ndife a ku Malawi." Ananena mokweza.

Inu amene muli kuno mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Phunziro loyamba la Mmalawi ku Joni ndi kudzichepetsa mpaka usaoneke. M'takisi foni ikalira umayankha monong'ona, kapena umaisiya ilire, kuopa kuti Chichewa chingakuulule. Umaphunzira Chizulu chopatsira ndalama ndi chotsikira. Amene analipo mu May 2008, chipolowe chija chitayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, anatilangiza ife obwera pambuyo kuti chishango cha mlendo n'kusaonekera, ndipo mu 2015 ndi 2019 tinadzionera tokha. Ana athu phunziro limeneli amalitola osauzidwa. Wanga amalankhula Chizulu ndi Chingelezi ngati mbadwa, ndipo dzina lake analidula kuti lisamabweretse mafunso kusukulu. Ngakhale anthu akationa, amaona ntchito: wa m'maluwa, wa m'nyumba, mlonda, telala. Zimenezo ndi yunifolomu zimene ambiri a ife sitinasankhe.

Oonera patali amati wovala cosplay akubisala, akuthawa moyo wake. Ine ndinaona zina. Tsiku limene mwana wanga anavala ngati munthu wina ndi lomwe anatchula kwawo mokweza pakati pa chinamtindi cha anthu. Kumeneko funso loyamba silikhala loti ndiwe wa kuti kapena mapepala ako ali kuti, limakhala loti chimenechi wapanga bwanji. Ndinali nditaika singano, ulusi ndi kabotolo ka guluu m'thumba kuchitira mwana wanga, koma zinathera kwa ena. Mnyamata wina wamtali, wovala chisoti chophimba nkhope yonse, lamba wa paphewa anamudukira, zida zake zonse zikulendewera mbali imodzi, ali pafupi kulira. Ndinamukhazika pa sitepe n'kumusoka ali chivalire. Ndikusoka anandiuza kuti ndi wamanyazi kwambiri, moti popanda chisoticho sangayambe kulankhula ndi munthu wosamudziwa. Mayi wina amene anatigwirira zidazo anati sabata yonse amawerengera ndalama za kampani pakompyuta, ndipo manja ake amalakalaka kupanga chinthu chogwirika. Mtsikana wina anati katuni inayake ndi imene inamutonthoza mayi ake atamwalira, ndipo kuvala ngati mtengambali wake ndiko kuthokoza kwake. Wina anangoti n'zokoma basi. Yankho limenelonso ndinalilandira.

Sikuti zonse ndi uchi. Ndalama zimapita: tikiti, nsalu, penti, mawigi. Mwezi umenewo zotumiza kumudzi zinachepa, ndinachita kuimba foni kuwafotokozera achemwali anga. Palinso amuna ena amene amaganiza kuti mtsikana akavala zotere ndiye kuti walola kugwidwa kapena kujambulidwa mobisa. N'chifukwa chake pamisonkhano imeneyi pamamveka lamulo loti chovala si chilolezo: pempha kaye usanajambule, ndipo manja ako akhale kwako. Ine monga bambo lamulo limeneli ndinalilandira ndi manja awiri, komabe sindinamutalikire mwanayo tsiku lonse.

Chomupweteka kwambiri chinabwera chaka chotsatira. Anasankha mtengambali wa anime, mtsikana wa tsitsi labuluu ndi khungu loyera. Ataika zithunzi pa intaneti, pakati pa oyamikira panapezeka ena olemba kuti ameneyo si wakuda, bwanji osavala za akuda anzako. Analira usiku umenewo, chitseko chotseka. Mawa lake anabwera yekha kudzandionetsa zithunzi zosawerengeka pansi pa chizindikiro cha #28DaysOfBlackCosplay, chimene Chaka Cumberbatch, mayi wakuda wa ku America, anayambitsa mu February 2015 kuti tsiku lililonse la mweziwo anthu aziona akuda atavala ngati aliyense amene amamukonda. Pankhani iyi sindigwedezeka. Chosoka ndi chovala, khungu ndi lako, ulisiye mmene Mulungu anakupatsira. Wakuda asadziyeretse kuti afanane ndi katuni, ndipo mzungu asadzipake zakuda kuti afanane ndi ife, chifukwa mchitidwe umenewo uli ndi mbiri ya chipongwe imene dziko ngati lino silingaiwale. Ndinamuuza kuti mafuta oyeretsa khungu asadzalowe m'nyumba mwanga ngakhale tsiku limodzi. Anati sanaganizepo n'komwe, ndipo wigi yabuluu ija anaivalanso.

Kushopu anzanga a ku Mangochi poyamba ankangomwetulira ndikamawafotokozera. Tsopano anzake awiri a mwana wanga, ana a konkuno, anabweretsa zithunzi zawo kuti tiwasokere, ndipo wamkulu mwa anzangawo, amene anavinapo beni ali mnyamata, ndiye analanda ntchito ya jekete la msilikali wa m'katuni, la mabatani agolide mizere iwiri. Anati mapewa otere amawadziwa kuyambira kale. Mwana wanga naye sakufunanso kuti ndizimusokera. Loweruka madzulo ndimamukhazika pa makina akale amene ndinagula kwa munthu wobwerera kumudzi, ndimamuonetsa kulowetsa ulusi, kudzaza bobini, kuwongolera nsalu osaikoka. Msoko wake ukadakhota pamakona, ndipo amamasula kambirimbiri osadandaula. Mkondo uja waima kuseri kwa chitseko, penti wayamba kusupuka kunsonga. Amayi ake anena kuti ulendo wotsatira tidzawagulire tikiti nawonso, ndipo dzulo nditaweruka ndinawapeza atatulutsa mbale ya mikanda, akusankha yobiriwira n'kumaiika payokha.